Manda a Maungu

Mukadzafika kwathu kuno, kumtunda kwa Mtakataka, mudzafunse kuti manda okongola kwambiri m'dera lonse la Kachindamoto ali pati. Ngakhale mwana wa sitandade wani adzakulozerani. Ali pachipata penipeni pa nkhalango ya boma ya Kankhande, ali ndi mpanda wawaya ndi chikwangwani chopaka penti yoyera. Mitumbira yake inandanda mowongoka bwino, palibe wopitirira unzake. Mukafikapo musavutike n'kuvula chipewa, m'menemo simugona munthu ngakhale mmodzi. Anawaumba ndi mlongo wanga Dyson ndi anzake a kabaza, ndipo dothi lake anachita kukatapa m'khola la ng'ombe.

Ine ndine Agnesi, ndimagulitsa mpunga wa ku Bwanje pamsika wa Golomoti. Anthu amati ndine wolongolola. Alekeni anene. Ine ndikufuna mudziwe za manda enawo, enieniwo, omwe ali m'kati mwa nkhalango kutsidya kwa kamtsinje, chifukwa m'menemo ndi momwe tinaika mwana wanga Tawina.

Tawina anapita ndi malungo ali ndi zaka zitatu. Bambo ake anali atalowera ku Joni, komwe mpaka lero sanabwereko, ndiye amene ananyamula kabokosi kake ndi Dyson yemweyu, malume ake. Ana sitiwaika pakati pa manda pamodzi ndi akuluakulu, timawaika m'mphepete. Tawina tinamuika mbali ya kumtsinje, patsinde pa kamtengo ka mpoza. Kakapu kake kachitsulo komwera phala, Dyson anakaboola pansi ndi msomali monga mwa mwambo, n'kukavundikira pamtumbira. Tsiku limenelo analira kuposa ine. Ndikunena izi kuti musadzati mwina anali ataiwala malo.

Patapita zaka zingapo boma linasuntha malire a nkhalango, manda athu n'kutsala m'kati. Tinadandaula, tinatopa, tinapeza manda ena kuseri kwa tchalitchi. Chomwe anatisiyira n'chakuti amayi tizilowa wapansi kukatola nkhuni zouma. Ine sindinalimbane nazo kwambiri, chifukwa kanjira ka kunkhuni kamadutsa pafupi ndi mbali ya ana ija. Kumanda sitilowa ngati kumunda, pamafunika chifukwa ndi chilolezo cha amfumu, choncho ndinkangoima panjira, n'kutula mtolo wanga, n'kuyang'ana kakapu kaja. Mtumbira unaphwa kalekale, masamba anakwirira paliponse, koma kakapu kanalipo. Ndikakaona ndinkadziwa kuti mwana wanga ali pomwe ndinamusiya. Zanga zinali zomwezo basi, sindinkapempha zambiri kwa munthu.

Kenako kunabwera njinga zamoto. Anyamata a kabaza anatulukira kuti kanjira ka kunkhuni kaja kamakwera phiri mpaka kumtunda kwa alimi a tomato ndi kachewere, ndipo mafuta sapita ambiri ngati kuzungulira pamsewu wa phula. Popita ankanyamula nsomba, pobwera matumba a makala omwe amati ndi kabichi. Nkhalango inayamba kulira ngati chigayo. Boma litatopa nazo linatumiza bwana watsopano wa nkhalango, dzina lawo a Raphael, munthu wa nsapato zowala ndi mawu a m'mphuno. A Raphael anapingasa chitsulo pachipata n'kulengeza kuti chilichonse chokhala ndi injini chisalowenso.

Apa ndi pomwe mlongo wanga anasanduka munthu wofunika. Dyson ndinamubereka kumsana ine, mamina ake ndinkapukuta ndi chitenje changa, koma anzake atangomusankha kukhala tcheyamani wa kabaza anayamba kuyenda ngati wameza ndodo. Chipewa chake chanjinga, chong'aluka pamphumi, sankavulanso ngakhale pamsonkhano. Ankaimirira pa siteji pa Mtakataka n'kumakuwa kuti, "Nthaka iyi ndi ya makolo athu! Boma linatipeza tili pano!" Munthu woti munda wa mayi athu anausiya tchire, khasu analigwira komaliza ali ku pulayimale. Lero nthaka yamukoma poti akufuna kuyendapo ndi matayala.

Boma linayankha mwa boma. Linati ngati mukuti malowo ndi a makolo anu, bweretsani umboni, akuluakulu abwera kudzaona. Ndiye panapezeka wina wodziwa zonse, msuweni wa mmodzi wa anyamatawo wokhala ku Lilongwe, amene anawanong'oneza kuti boma siliopa chikwanje, siliopa zionetsero, koma limaopa manda.

Ine nditamva ndinapita kwa Dyson. Ndinati ngati akufuna manda, manda alipo, muwaperekeze akaone.

"Achemwali, inu zandale simuzidziwa," anatero akupukuta galasi la njinga yake. "Tikawaonetsa manda enieni atseka mbali yonse ija, ndipo njira yathu imadutsa konko. Tikhala tadzitchera tokha msampha. Komanso mabwana a mimba aja angawoloke mtsinje wapansi? Amafuna zinthu zoonera pawindo la galimoto."

"Ndiye muwaonetsa chiyani?"

"Siyirani amuna zimenezo."

Amuna! Lamulungu lotsatira, anthu ali ku tchalitchi, amunawo anabwereka ngolo ya amfumu. Pachipata pa nkhalango ndi pamiyala, khasu silowa, choncho dothi anakatapa m'khola la amfumu omwewo, lofewa bwino, losakanikirana ndi manyowa ndi zinyalala za kudzala. Tsono mlimi ndi mlimi, ngakhale akhale waulesi. Anyamata amenewa anakula akuona alangizi a zaulimi akukoka chingwe pomanga mizere, ndiye nawo anakoka chingwe. Anayeza ndi kamtengo kuti mipata ifanane. Mitumbira inatuluka yofanana msinkhu, yofanana utali, ngati anthuwo anachita kupangana kuti abadwe tsiku limodzi n'kufa tsiku limodzi. Pamwamba anaikapo mbale zakale ndi maketulo obooka, ndipo akazi ambiri m'mudzi muno anafunafuna ziwiya zawo sabata imeneyo. Ine ndinadutsapo madzulo ake, ndinaseka mpaka kugwira m'nthiti. Ndinati palibe munthu wa maso awiri anganamizidwe ndi mizere ya mbatata iyi.

Ndinalakwitsa. Akuluakulu anabwera pa magalimoto atatu mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anatsika akudzipepeza ndi mapepala, anayenda pang'ono kuchoka pomwe panaima galimoto, n'kupeza manda ali yalu pamaso pawo. Dyson anagwada pa mtumbira woyamba, akuti apa pagona agogo athu aamuna, apa pagona azakhali, ndipo misozi inatsika ndithu. Sindidziwa kuti anaitenga kuti. Bwana wamkulu anavula chipewa, mayi wina anajambula zithunzi, a Raphael anaima pambali manja atapinda kumbuyo ngati ali pa Misa. Mmodzi mwa alendowo anayamikira kuti sanaonepo mudzi wosamala manda chonchi. Chitsiru chinaomba ng'oma, ochenjera navina.

Chigamulo sichinachedwe. Nkhalango ikhalabe ya boma, koma manda a makolo atchingidwe ndi mpanda, munthu asawapondenso. Chitsulo chichoke pachipata. Zainjini zizilowa bola zilipire, ndipo zikhoza kudutsa paliponse kupatula m'manda. Anyamata anamunyamula Dyson m'mwamba, anaimba, anawombetsa mahutala kuchokera pa Mtakataka mpaka pa Golomoti. Palibe anafunsa kuti mawu akuti zainjini akutanthauza njinga zokha kapena ayi.

Kunapezeka kuti ku Lilongwe kuli kalabu ya anthu olemera, a magalimoto a matayala akuluakulu, amene anakhala akupempha nkhalango imeneyi kwa nthawi yaitali. Anthu amenewa ntchito yawo Loweruka ndi kufunafuna matope kuti atitimiremo, kenako azikokana ndi zingwe akuseka. Mwamva? Ife kuno timalira usiku ndi usana kuti atipatse msewu wa phula, mayi woyembekezera asamaberekere pa ngolo, pomwe anzathu akuthawa phula kudzagula matope ndi ndalama. Anafika kudzayendera malo, anafuna munthu wodziwa nkhalango woti aziwatsogolera, ndipo munthu ameneyo mukumudziwa kale. Anamupatsa kajekete kowala kobiriwira. Dyson anakavala mpaka ku ukwati wa mwana wa eni.

Mvula itagwa, manda a pachipata anayamba kuonetsa zomwe ali. Pa agogo athu aamuna panamera maungu. Pa azakhali panamera tomato ndi bonongwe. Pofika Januwale mpanda wonse unali biriwiri, maungu akuyanga pa waya. Munthu wa kuno sadya chomera kumanda, ngakhale njala ivute bwanji, koma ndinapeza mlamu wanga, mkazi wa Dyson, atalowetsa dzanja pa waya akuthyola nkhwani. Atandiona anati akungopalira. A Raphael nawo ankaimika alendo pamenepo n'kumawafotokozera kuti taonani, nthaka ikakhala ya makolo imaonekera chonde.

Mwezi womwewo ndinapita kunkhuni. Nditangowoloka kamtsinje ndinaona mitengo itapakidwa penti yofiira, ina itamangiriridwa tinsalu. Ndinatsatira ndi maso. Tinsaluto tinkasiya kanjira kathu, n'kulowa pakati pa mitengo ikuluikulu ya kumanda ndi chigwembe cha mtsinje. Pamenepo pali kabwalo kopanda mitengo ikuluikulu, kofewa, kamadzi pang'ono. Ndi mbali ya ana. Kansalu kamodzi anakamangirira pa mpoza womwewo, pamwamba pa kakapu ka Tawina. Ndinakhala pansi panjira pomwepo, nkhuni sindinatole.

Dyson ndinamupeza pa siteji, akudya chimanga chootcha, anzake atamuzungulira.

"Iwe Dyson, nsalu zili kumanda zija wamanga ndani?"

"Achemwali, tikambirane kunyumba."

"Ndikufunsa pompano. Wamanga ndani?"

"Anasankha okha eni magalimoto. Mbali inayo kuli miyala, kwina kuli mitengo. Pokhapo ndi pomwe galimoto ingakwane. Ndipo sikuti ikulowa m'manda, ikungodutsa m'mphepete."

"M'mphepetemo mugona ndani?"

Anatafuna chimanga chake nthawi yaitali. Anzake anayamba kuyang'ana matayala a njinga zawo.

"Ndikanawauza bwanji kuti pali manda," anatero motsitsa mawu, "poti manda ndinawaonetsa kale ena? Mukufuna ndikalowe kundende? Ana anga mudzawadyetsa inu? Komanso papita zaka, achemwali. Mwana uja anasanduka dothi kalekale. Zikandiyendera ndidzamumangira chiliza cha simenti, chabwino, cholemba dzina lake. Tidzachiika mumpanda muja, pooneka ndi anthu."

Mumpanda muja. Pakati pa maungu. Ndinamumenya khofi, koma dzanja linagwera pa chipewa chake chanjinga, wopweteka n'kukhala ine.

Akuluakulu amati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ine ndinati mkhatewo usweke. Ndinapita ku ofesi ya a Raphael, ndinawauza zonse, dzina la mlongo wanga ndinalitchula, la mwini ngolo ndinalitchulanso. Anandimvetsera akusewera ndi cholembera. Pakhoma kumbuyo kwawo panali chithunzi chawo ataima pampanda paja ndi bwana wamkulu, onse akumwetulira.

"Mayi, mukudziwa kukula kwa zomwe mukunena? Mudzi wanu unatilozera manda, boma linawononga ndalama kumanga mpanda, lipoti linapita kulikulu. Lero mukuti tinatchingira manyowa?"

"Ndikuti munatchingira manyowa, bwana. Tiyeni mukaone enieniwo."

Chilungamo ndinene, anapita. Anavala majombo, anawoloka kamtsinje akudandaula, ndinawaimika panjira pomwe ndimaima ine. Ndinawalozera mitengo ikuluikulu, ndinati umo mugona akuluakulu. Ndinawalozera kabwalo, ndinati apa pagona ana. Ndinawalozera kakapu.

Anayang'ana uku ndi uku. "Mitumbira ili kuti?"

"Inaphwa, bwana. Manda akakalamba amaphwa."

"Mitanda? Zolemba?"

"Chiswe chinadya."

"Ndiye umboni wanu ndi kakapu aka?" Anaseka pang'ono m'mphuno. "Mayi, m'nkhalango muno muli makapu ambiri. Osaka mbewa amataya, ootcha makala amataya. Ine manda ndimawadziwa. Aja a pachipata, munthu ukangowaona umadziwa kuti awa ndi manda. Apa ine ndikuona tchire."

Munthu wophunzira, wa satifiketi yake. Anati akafunsa mudzi, anthu akandivomereza ndiye aona chochita.

Msonkhano unachitikira pabwalo la sukulu. Amfumu athu ndi munthu wofatsa, wosafuna kukhumudwitsa aliyense, makamaka anyamata amene amawakweza njinga ulere. Anatsokomola, anakonza kolala, anati nkhaniyi ndi yovuta, tiyione bwino. A Raphael anafunsa poyera kuti manda akale a mudzi uno ndi ati. Anthu amene ndinakula nawo, amene anandigwira mapewa tsiku loika Tawina, anayang'ana pansi. Kenako mkulu wina wa mpingo anaimirira n'kunena kuti manda omwe iye akuwadziwa ndi omwe ali mumpanda.

Musadabwe. Makolo awo ali pakati, pa mitengo ikuluikulu pomwe galimoto singalowe, ndiye iwo ataya chiyani? Amayi amene tinaika ana mbali ija ena anamwalira, ena anakwatiwa kutali. Amene anatsala ndi mayi Abigail okha, amene anaika mapasa pafupi ndi Tawina. Ndinawayang'ana m'maso, ndinati amake mapasa, lankhulani. Anakoka mpango kuphimba kukamwa. Mwana wawo wamwamuna ndi wa kabaza, ndiye amawagulira feteleza.

Dyson anaimirira komaliza, ndi kajekete kake. Anati anthu andikhululukire, chimwalirireni mwana mutu wanga sunakhale bwino, nthawi ya mvula zimandichulukira. Anthu anang'ung'udza mondimvera chisoni. Ndinawatukwana onse, kuyambira amfumu mpaka mkulu wa mpingo, ndipo kutukwanako kunangotsimikiza zomwe Dyson ananena. Wamisala anaona nkhondo, koma amene anamumvera ndani?

Magalimoto anali oti abwera Loweruka. Ndinaganiza zogwetsa mtengo panjira, koma anthu aja amayenda ndi makina odulira mitengo, kwa iwo n'zosangalatsa. Ndinaganiza zokachotsa kakapu, koma kuchotsa kakapu si kuchotsa mwana. Ndiye ndinakumbukira chinthu chimodzi chomwe Mmalawi aliyense amachimvera, wolemera ndi wosauka yemwe. Pakagwa maliro timaika masamba pamsewu. Minibasi ya pa Golomoti, yothamanga ngati yaba, ikaona masamba imafatsa. Wapanjinga amatsika, wachipewa amavula, wailesi imazima. Ndinati anthu amenewa ngakhale ndi a m'tauni ali ndi kwawo. Akaona masamba pakati pa nkhalango adabwa, aima, afunsa, ndipo ine ndiwauza.

Loweruka m'mawa ndinavala chitenje chakuda, ndinatenga chikwanje. Ndinadula nthambi zamasamba, ndinaziyala mopingasa pomwe tinsalu tinkayambira kulowa mbali ya ana, zina ndinaziyala kotulukira, monga timachitira. Ine ndinaima pamalo anga a masiku onse, panjira. Mwina mufunsa kuti bwanji sindinakakhale pamanda penipenipo kuti aponde ine. Ndimadzifunsanso. Koma munthu sakhala pamanda, sapondapo, ndi momwe tinaleredwera, ndipo ine zaka zonsezi phazi langa linali lisanadutse malire aja. Ndinkaopa kumuponda mwana wanga.

Ndinawamva asanafike, injini ndi nyimbo zogunda m'chifuwa. Woyamba kuwoloka mtsinje anali Dyson, panjinga yake, kajekete kakuwala. Ataona masamba anaponda buleki. Anandiyang'ana, anayang'ana mpoza. Anazimitsa njinga, anatsika, ndipo kwa nthawi yoyamba chikhalireni tcheyamani anavula chipewa chake chija. Ndinati magazi ndi magazi, wakumbuka msomali uja.

Anakankha njinga yake wapansi, mwaulemu, kuilambalalitsa kudzera pakanjira kathu, n'kuitsamiritsa pamtengo. Kenako anatembenuka, anakweza dzanja kwa galimoto yoyamba, n'kulitsitsa pang'onopang'ono, kuwauza kuti afatse. Sanawauze kuti aime.

Galimoto yoyamba inali yofiira, matayala ofika m'chiuno mwanga. Nyimbo inazima. Woyendetsa anavula chipewa chake. Kumbuyo konse nyimbo zinazima imodzi imodzi, nkhalango inakhala chete, kungotsala kung'ung'udza kwa injini. Galimoto ija inaponda masamba anga mofatsa n'kulowa mbali ya ana.

Ndinataya chikwanje, ndinathamanga. Dyson anandigwira. Sanandigwire ngati wolimbana naye ayi, anandikumbatira chakumbuyo, dzanja lina paphewa, monga timamugwirira namfedwa akafuna kudziponya m'dzenje. Ndinakuwa. Ndinati mwana wanga, mwana wanga inu, Tawina, mayo mwana wanga! Nanga mayi pamaliro amakuwa chiyani china? Anthu a m'magalimoto anaona zomwe amaona pamaliro alionse, mayi akulira ndipo m'bale wake wamugwira. Mayi wina wa magalasi akuda anagwira pachifuwa n'kuweramitsa mutu.

"Pepani mayi," anatero wa galimoto yachiwiri podutsa.

"Pepani, pepani," anatero wachitatu.

Kakapu kanalira kamodzi kokha, pansi pa galimoto yachitatuyo. Mpoza unapindika, unadzuka, unapindikanso, kenako sunadzukenso. Anadutsa onse mwaulemu waukulu, palibe anathamanga, palibe anaimba hutala, palibe anaseka. Ndikanakonda akanathamanga, bwenzi zitatha msanga. Poyenda pang'onopang'ono matayala ankatitimira, ankazungulira pamalo amodzi, ankafukula dothi lakuda n'kuliponya kumbuyo. Dyson ankandinong'oneza m'khutu kuti limbani mtima achemwali, zatsala pang'ono. Nkhope yake inali yonyowa. Ndinamuluma dzanja mpaka magazi, sanandisiye.

Pomwe galimoto yomaliza inkafika, kabwalo kaja kanali dambo la matope, mikwasa iwiri yakuya mpaka m'maondo. Ndinafunafuna ndi maso pomwe panali mpoza, sindinapadziwenso. Mawu anali atandithera, ndipo Dyson atamva kuti ndafooka anandisiya.

Galimoto yomalizayo inaima. Inaimadi, pakati penipeni. Galasi linatsika, munali bambo wachikulire wa imvi, wa nkhope yabwino, chipewa atachiika pamiyendo.

"Pepani kwambiri, mayi," anatero. "Sitinadziwe kuti kuno kwagwa zovuta. Nyumba ya siwa ili mbali iti? Pobwerera tidzapatuke, tidzapepese."

Ndinamulozera pansi pa tayala lake.

Anasuzumira pawindo, anayang'ana matope aja, anandiyang'ananso ine, kenako anayang'ana Dyson. Dyson anali akumanga lamba wa chipewa chake. Bambo uja anagwedeza mutu mwachisoni, anati Ambuye akutonthozeni, n'kukweza galasi. Tayala linazungulira kawiri pamalo pomwepo lisanagwire, ndipo anapita pang'onopang'ono kutsatira anzake.